NYUMBA ZAKALE ZA PA GOMBE LA ZANZIBAR ZASANDUKA MAHOTELA

Pa gombe la mzinda wakale wa Zanzibar, umene alendo amautcha Stone Town koma eni ake amati Mji Mkongwe, pali nyumba zamiyala zimene zidamangidwa zaka zoposa 100 zapitazo. M'nyumba zimenezi mudakhala Aluya olemera, akazembe a maiko a Azungu, amalonda a Chimwenye ndiponso amishoni. Lero zingapo mwa izo zasanduka mahotela a zipinda zowerengeka, okonzedwa mwaluso, kumene mlendo amalipira ndalama zambiri kuti agone usiku umodzi pakati pa makoma akalewo. Nkhaniyi yautsa mtsutso pakati pa Boma la Zanzibar, eni mahotela, anthu okhala mumzindawo ndi bungwe la UNESCO. Ena akuti mahotela apulumutsa nyumba zimene zikadagwa; ena akuti ali kulanda mzinda kwa eni ake. Tifuna kuti awerengi athu amve mbali zonse ziwiri, pakuti mbiri ya gombe limenelo ikhudza ife a kuno ku Malawi koposa m'mene ambiri aganizira.

ZIMENE MLENDO AMAPEZA

Munthu wochokera ku Dar es Salaam amaoloka pa sitima ya pamadzi ulendo wa maola ngati 2, ndipo asanatsike amayamba waona mndandanda wa nyumba zoyera zoyang'ana kunyanja. Kuyambira mwezi wa October 2024 Boma la Zanzibar lidalamula kuti mlendo wochokera kunja azigula inshuwalansi ya paulendo ya madola 44, chotero wopita kumeneko ayenera kukonzekeratu ndalama za inshuwalansiyo.

Pofika pa hotela ya mtundu umenewu mlendo amalowa pa chitseko chachikulu cha mtengo, chozokotedwa maluwa ndi kukhomedwa zisonga zamkuwa. M'kati amapeza bwalo lopanda denga limene limalowetsa mphepo ndi kuwala m'nyumba yonse. Zipinda sizifanana, popeza nyumbayo siidamangidwe kuti ikhale hotela: china nchachitali koma chopapatiza, china chili pamwamba pa makwerero otsetsereka ovuta kwa nkhalamba. Bedi lake ndi lalitali, la mizati 4 yokolekapo neti yotchinga udzudzu, ndipo mazenera ena ali ndi magalasi a mitundumitundu. Madzulo mlendo amakhala pakhonde kuonerera zombo za matanga zili kubwerera kudoko dzuwa likamalowa. Akafuna chakudya cha eni dziko amayenda pang'ono kufika ku munda wa Forodhani, kumene amaotcha nsomba ndi kufinya madzi a nzimbe, nagulitsanso msuzi wotchedwa urojo. M'bandakucha amadzutsidwa ndi mawu oitanira anthu ku mapemphero, chifukwa anthu ambiri a pa chilumbacho ndi Asilamu ndipo mizikiti ili pafupipafupi. Nchifukwa chake mlendo waulemu savala zovala za kunyanja poyenda m'tinjira ta mumzinda, ndipo m'mwezi wa Ramadan sadyera poyera masana.

NYUMBA ZITATU NDI MBIRI YAKE

Hotela ya Tembo House, dzina limene m'Chiswahili litanthauza njovu, ili m'nyumba imene kale idali ya kazembe wa America ndipo pambuyo pake idakhala ya kampani ya malonda ya Cowasjee Dinshaw. Chakumwera kwake, m'dera la Shangani, kuli hotela ya Serena imene idatsegulidwa m'chaka cha 1997 ndi bungwe la chuma la Aga Khan. Iyo idapangidwa polumikiza nyumba 2 zakale: ina idali ya lamya yopita kunja kwa dziko, ina idali yokhalamo madokotala a ku China.

Koma nyumba imene mbiri yake iposa zonse ndi Mambo Msiige. Adaimanga ndi Mluya wina wolemera, Salim bin Bushir al-Harthi, cha m'ma 1850, ndipo dzina lake lichenjeza woona kuti asayese kutsanzira. M'chaka cha 1864 Bishopu Tozer wa mishoni ya Universities' Mission to Central Africa adakhazikika m'menemo. Awerengi athu akumbukira kuti mishoni imeneyi idayambira kwathu kuno ku Magomero m'chaka cha 1861, ndipo Bishopu Mackenzie atamwalira mu January 1862, malungo, njala ndi nkhondo zidachititsa kuti amishoniwo achoke. Adapita ku Zanzibar, nakonzekera kumeneko kwa zaka zambiri, mpaka adabweranso ku nyanja yathu ndi kukhazika likulu lawo pa chilumba cha Likoma m'chaka cha 1885. Amishoni atatuluka, Mambo Msiige idakhala nyumba ya kazembe wa Angerezi, kenaka chipatala cha Azungu, kenakanso maofesi a Boma. M'chaka cha 2015 idatsegulidwa monga gawo la hotela ya Park Hyatt.

CHINGWE CHOMANGA ZANZIBAR NDI NYANJA YATHU

Akulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Chuma chimene chidamanga nyumba zokongolazi chidachokera ku minyanga ya njovu, ku zonunkhira zotchedwa karafuu, ndiponso ku malonda a anthu. Sultani Seyyid Said atasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kudza ku Zanzibar cha m'ma 1840, minda ya karafuu idachuluka ndipo idafuna manja ambiri. M'zaka zomwezo Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika ku Nkhotakota. Kuchokera kumeneko anthu ogwidwa ankaolotsedwa nyanja pa zombo, nayendetsedwa pansi ulendo wa miyezi mpaka ku Kilwa, ndipo amene adafika amoyo ankatengedwa kupita ku msika wa ku Zanzibar. Pakati pao padali Achewa, Amang'anja, Ayao ndi mitundu ina ya kuno.

Msika umenewo udatsekedwa mu June 1873, pamene Sultani Barghash adasaina pangano ndi kazembe John Kirk, yemwe uja adafika ku Nyanja ya Malawi pamodzi ndi David Livingstone m'chaka cha 1859. Pa malo a msikawo Bishopu Edward Steere adamanga tchalitchi chachikulu cha Christ Church, ndipo mwala wa maziko udaikidwa pa tsiku la Khrisimasi chaka chomwecho. M'tchalitchimo muli mtanda wosemedwa ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene pansi pake padakwiriridwa mtima wa Livingstone. Mtembo wake udafika ku Zanzibar mu February 1874, atausenza anthu ake motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma. Chumayo adali Myao amene adamasulidwa m'manja mwa ogula anthu ku mapiri a Shire m'chaka cha 1861. Tsono Mmalawi wogona pa gombe limenelo asaiwale kuti pa mchenga womwewo padaponda abale ake ali m'magoli.

CHIFUKWA CHAKE NYUMBAZI ZIMAGWA

Kuti timvetse mtsutso wa mahotela tiyenera kuyamba tadziwa kamangidwe ka nyumbazi. Makoma ake ndi a zibuma za matanthwe a m'nyanja, zomatidwa ndi laimu wosakaniza ndi dothi. Denga ndi nsanja zapamwamba zimagona pa mitengo ya m'matope a kugombe imene eni ake amaitcha boriti, ndipo popeza mitengoyi siitalika kwambiri, zipinda zimakhala zopapatiza, mamita ngati 3 m'mimba mwake. Khoma lotere limamwa chinyezi ndi kuchitulutsanso, malinga likhale lopakidwa laimu nthawi ndi nthawi. Munthu akalipaka simenti, chinyezi chimatsekeredwa m'kati, mwala umafumbutuka, nsonga za mitengo zimaola, ndipo tsiku lina nsanja yonse imatsika.

Zanzibar idalandira ufulu pa 10 December 1963. Pa 12 January 1964 ufumu wa Sultani udagwetsedwa, ndipo mu April chaka chomwecho chilumbacho chidaphatikana ndi Tanganyika. Aluya ndi Amwenye ambiri adathawa, nyumba zawo zambiri zidatengedwa ndi Boma, ndipo mabanja osauka adalowamo, banja lililonse chipinda chake. Anthuwo adapeza pogona, chimene chidali chabwino, koma lendi yake idali yochepa kotero kuti siikadakwanira kukonzera denga, ndipo panalibe mmodzi woti nyumba yonse ndi yake. Mvula ya zaka zambiri idachita ntchito yake. Poona ichi, Boma lidakhazikitsa bungwe losamala Stone Town m'chaka cha 1985, lidapanga lamulo loteteza mzindawo m'chaka cha 1994, ndipo m'chaka cha 2000 UNESCO idaulemba m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi.

Ngakhale zili choncho ngozi siidathe. Nyumba yotchuka ya Beit al-Ajaib, imene Sultani Barghash adamanga m'chaka cha 1883 ndipo idali yoyamba pa chilumbacho kukhala ndi magetsi, idagumuka mbali imodzi pa 25 December 2020 ili m'kati mokonzedwa, ndipo antchito 2 adafa. Ngati nyumba yodziwika chotere, yosamalidwa ndi Boma mothandizidwa ndi dziko la Oman, idafika pogumuka, nanga nyumba wamba za m'tinjira zidzalimba bwanji?

PHINDU NDI CHIOPSEZO

Apa ndi pamene a mbali ya mahotela aimika mawu ao. Kukonza nyumba ya miyala yotere kumadya ndalama zambiri, ndipo sikutha kamodzi. Chaka ndi chaka pafunika laimu, mitengo ndi amisiri. Hotela ili ndi chifukwa chosamalira denga, pakuti denga likadontha alendo sabwera. Imalembanso ntchito ophika, ochapa, operekeza alendo ndi oyendetsa maboti, ndipo imapatsa msika osema zitseko ndi omanga ndi laimu, amene luso lawo likadazilala.

Koma a mbali inayo nawonso ali ndi mfundo zolemera. Nyumba imene kale idali ndi bafa limodzi tsopano ili ndi bafa m'chipinda chilichonse, ndipo mipope yamadzi yobowola makoma akale ikadontha imaononga mwakachetechete. Eni nyumba akaona kuti alendo alipira bwino, amakweza lendi kapena kugulitsa, ndipo mabanja amene adabadwira m'menemo amasamukira kunja kwa mzinda. Mzinda ukatsala ndi mahotela ndi masitolo a ziboliboli okha, chimene alendo adadzera chimakhala chitapita, pakuti iwo adadzaona anthu okhala pa makonde, ana opita ku madrasa ndi asodzi okonza maukonde.

Chitsanzo chachikulu ndi Mambo Msiige yomweyo. Nyumba yakaleyo idakonzedwa, koma pambali pake padamangidwa ina yatsopano yaikulu. Kuyambira m'chaka cha 2014 komiti ya UNESCO idadandaula mobwerezabwereza kuti nyumba yatsopanoyo idatalika kupyola muyeso umene udagwirizanidwa, ndi kuti idaononga maonekedwe a gombelo. Phunziro lake nlakuti lamulo lolembedwa pa pepala silikwanira. Pafunika oyang'anira amene adzayeza khoma lisanakwere, chifukwa likatha kukwera palibe amene adzaligwetse.

PHUNZIRO KWA IFE

Ife tilibe mzinda wofanana ndi Stone Town, koma nyumba ndi malo a mbiri tili nawo. Mandala House ku Blantyre idamangidwa m'chaka cha 1882. Ku Zomba nyumba imene idamangidwa m'chaka cha 1886 kukhala ya kazembe wa Angerezi idasanduka Hotela ya Masongola, chimene chisonyeza kuti nzeru yosandutsa nyumba yakale kukhala yogonamo alendo si yachilendo kuno. M'mbali mwa nyanja tili ndi tchalitchi cha St Peter's ku Likoma, nsanja ya wotchi ku Mangochi, ndi malo a ku Nkhotakota kumene Livingstone adakumana ndi Jumbe. Boma lathu lidachita bwino kuika lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale, ndiponso kukhala ndi nthambi yoyang'anira ntchito imeneyi. Koma Boma lili ndi zipatala, sukulu ndi misewu zoyembekeza thumba lomwelo, chotero silingathe kufolera lokha nyumba iliyonse yakale.

Tiganiza kuti amalonda ofuna kusandutsa nyumba zotere kukhala malo a alendo ayenera kulandiridwa, koma pa mfundo zomveka. Asagwetse kapena kukweza khoma popanda chilolezo cha akatswiri a Boma. Akonze ndi zipangizo zofanana ndi zimene omanga oyamba adagwiritsa ntchito. Asatseke njira ya kugombe imene asodzi ndi amayi otunga madzi akhala akuyendamo. Alembe ntchito ana a m'deralo ndi kuwaphunzitsa, ndipo mbiri ya malowo, yokoma ndi yowawa yomwe, ilembedwe poonekera m'Chichewa ndi m'Chingerezi kuti mwana wa sukulu athe kulowa ndi kuwerenga osalipira mtengo wa chipinda.

Mafumu, makhonsolo ndi mipingo imene ili ndi nyumba zakale m'manja mwao ayambe tsopano kuzilemba ndi kuuza nthambi ya Boma za m'mene ziliri, mvula ya chaka chino isanalowe m'makoma.