NJIWA YOBILIWILA ISOŴA MIKUYU MU LUSAKA

Mwana wobadwila ku Kanyama kapena ku Chawama adziŵa nkhunda za pa khola ndi njiwa zotola nyenyeswa pabwalo. Koma ilipo njiwa ina imene ana ambili a m'makomboni sanaiwonepo, ngakhale kuti makolo ao ocokela ku Petauke ndi ku Katete anakula nayo. Iyi ndiyo njiwa yobiliwila, imene akatswili a mbalame aicha Treron calvus.

Mbalameyi siitsika pansi kaŵili-kaŵili. Nthenga zake zifanana ndi masamba, kotelo kuti munthu angaime patsinde pa mkuyu osadziŵa kuti pamwamba pali gulu lonse, kufikila atamva mluzu wake kapena kuona nkhuyu zilikugwa. Mlomo wake ndi wofiila kutsinde, woyela kunsonga. Miyendo ili ndi nthenga zacikasu. Pofuna cipatso imayenda pa nthambi monga cinkhwe, nthawi zina nkulendewela camutu.

Cisa cake ndi timitengo toŵelengeka. Yaimuna itola, yaikazi imanga, niikila dzila limodzi kapena aŵili oyela. Mazila aswa patapita masiku 13 kapena 14, ndipo makolo onse aŵili adyetsa anapiye mkaka wocokela m'cithokomilo. Pasanathe masabata aŵili anawo aculuka nthenga nacoka pacisa.

Moyo wonse wa njiwayi uli pa mkuyu ndi kacele. Imasamuka kutsata mitengo imene yapsa zipatso. Cicokele 1964, anthu aculuka kwambili mu Lusaka, ndipo mitengo yacilengedwe yagwa cifukwa ca nyumba, nkhuni ndi makala. Mango ndi mapapaya obzalidwa ku Matero, George ndi Mtendere apatsa anthu mthunzi ndi cakudya, koma salowa m'malo mwa nkhuyu. Kumene mikuyu idakalipo, m'mapulazi ndi m'mbali mwa mitsinje kunja kwa mzinda, njiwayi ionekabe.

Inu a kumudzi amene mukali ndi mkuyu m'munda, uleke uime. Letsani anyamata kuponya malegeni pa mtengo wakupsa, cifukwa mbalame yoikila mazila aŵili okha sicedwa kutha. Kacele savuta kubzala: dulani nthambi yokhwima, muizike mvula itayamba, idzaphuka. Koma muizike kutali ndi nyumba, cimbudzi ndi mipope ya madzi, pakuti mizu yake ing'amba zipupa. Pabwalo la sukulu kapena la chalichi ndiye pamalo pake.