Malonje a Zaka Makumi Anayi

Kwathu mlendo akafika pakhomo sayamba ndi chimene wadzera. Amakhala pansi, n'kupereka malonje: wanyamuka liti, kumene wachokako wasiya kuli bwanji, akudwala ndani, anatisiya ndani. Mwambo womwewu masiku ano umavala malaya a gofu okhala ndi baji pachifuwa, kapena chitenje chodinda dzina la sukulu, pa tsiku limene ophunzira akale amabwerera kusekondale kwawo.

Sukulu zokhala ndi nkhalamba zenizeni n'zowerengeka. Blantyre Secondary School inatsegulidwa mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, ndipo ya boma ya ku Dedza mu 1951. Koma funsani wa ku Zomba Catholic kumene anaphunzira, akuuzani kuti "Box 2". Wa ku Dedza ati "Box 48". Sukulu amaitchula ndi nambala ya bokosi la kupositi, kumene kunkadzera kalata ya bambo yokhala ndi ndalama ya sopo, komanso ina ija yonunkhira pauda, yowerenga mobisa nthawi ya prep. Nkhani zakunja zinkawapeza kudzera m'bokosimo, ndipo lero iwo eni ndiwo amabwera nazo.

Kawirikawiri tsiku la mkumanowu limakhala Loweruka. Amayamba ndi pemphero, kapena Misa ngati sukuluyo ndi ya Akatolika. Ahedi, omwe mwina ndi msinkhu wa ana awo, amawalandira mwaulemu wonse. Kenaka ulendo wa kuhositelo, aliyense kukaloza pamene panali bedi lake ndi kudandaula kuti m'nthawi yawo mawindo anali ndi magalasi. Izi zimatha msanga. Chimene anthu adzera chili mu holo.

M'menemo amaimirira motsata zaka, akale kwambiri poyamba. Malonje ake amamveka chonchi: "Ine ndi wa 1978. Ndinapuma pantchito nditakwana zaka 60, pano ndili kumudzi ku Ntcheu, ndikulima kachewere. Alamu anu alipo, akupereka moni. Adzukulu asanu ndi awiri, mwana mmodzi ali ku Johannesburg. Koma BP ndi shuga ndiye zandipeza." Asanakhale pansi, wina kumbuyo amakuwa dzina lomwe mkazi wake sanalimvepo, monga Mkute, poti ankabisa nsima yotsala m'malaya. Holo yonse phwete.

Apa ndi pomwe ulemu umasanduka zachilendo. Kunja kwa geti munthuyu ndi bwana, abusa, a dokotala, olemekezeka. M'katimu ndi "iwe". Komabe si kuti malamulo palibe. Amene anali Fomu 4 inu muli Fomu 1 amakhalabe "achimwene" mpaka kumanda, ngakhale inu mwabwera pa galimoto ya dalaivala iye atatsika minibasi. Zakuti ankakuchapitsani masokosi zimanenedwa moseka, ngakhale ndaonapo ena akuseka ndi mano okha.

Phokoso limatha akayamba kuwerenga maina a omwe anatsogola. Kale uthenga wotere unkamveka pa wailesi ya MBC kapena mwangozi mu depoti ya basi, zaka zitapita. Makalasi a m'ma 1970 ndi m'ma 1980 ali ndi mipata yambiri. Edzi inadula anthu ali pachimake, aphunzitsi, makalaliki, maenjiniya, ma ARV aulere asanayambe kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004. Palibe amene amatchula matendawo. Amangoti "anadwala nthawi yaitali". Kenaka Covid-19 ya mu Januware 2021 inatenga ena omwe anali atangoyamba kudyerera penshoni. Dzina lililonse likatchulidwa pamamveka "mmm", wina n'kuwonjezera kuti uyu ndi uja ankagwira pagolo.

N'chifukwa chake mabungwe ambiri a ophunzira akale, kaya malamulo awo alembedwa zotani, ntchito yawo yokhazikika ndi ya chipepeso. Msungichuma akalengeza zovuta, ndalama zimayamba kulowa pa Airtel Money ndi Mpamba tsiku lomwelo, ndipo anthu angapo amasankhidwa kukaimira anzawo pasiwa. Zothandiza sukulu zimabwera pambuyo: matiresi, madesiki, mabuku, penti, nthawi zina ulendo wa ndawala wopezera ndalama zokonzera hositelo. Malonjezo a mu holo amakhala akuluakulu. Zofika m'manja mwa msungichuma, iye yekha ndiye angakuuzeni, ndipo amazinena mopsa mtima chaka chilichonse.

Chimene chimandivuta ine n'chakuti malonjewa ndi a anthu omwe zinawayendera. Kusankhidwa kupita kusekondale m'zaka zimenezo kunali kwa ochepa, moti mudzi wonse unkayembekezera kuti mwana wawo adzakhala bwana. Sizinatero kwa onse. Ena analekezera panjira fizi itasowa, ena analephera MSCE, ena ntchito inatha kampani itagulitsidwa. Oterewa sabwera. Malaya a gofu aja ndi ogula, thiransipoti ndi yako, ndipo kuimirira pamaso pa anzako n'kunena kuti ulibe chonena si chinthu chapafupi. Dzina lawo limadzamveka akamwalira, ndipo msonkho umene sanaulawe ali moyo umagula bokosi.

Pa mkumano wina womwe ndinakhalapo, mkulu wina atamaliza malonje ake sanakhale pansi. Anati ali ndi malonje a mnzake, yemwe ankakhoza masamu kuposa aliyense m'kalasi mwawo. Anamuona pa Lizulu akugulitsa kabichi. Maso anakumana, mnzakeyo anayang'ana kumbali, basi n'kunyamuka. Holo inati zii. Wapampando anati nkhaniyo ilembedwe, ndipo achimwene ena a ku Ntcheu akamufunefune. Mlembi analemba. Kenaka belu linalira, lomwe lija la chitsulo cha gudumu la galimoto, ndipo madoda a imvi anandanda ndi mbale zawo kupita kukalandira mpunga wa nkhuku, akudandaula kuti bwanji sanawaphikire mgaiwa wa nyemba.