KODI DZINA LA BADEN-POWELL TIMALITCHULA BWINO?

Aliyense amene anamangapo mpango wa Sikauti m'khosi ali pa sukulu analimva dzina la Baden-Powell, kazembe wa nkhondo wa ku Mangalande amene anayambitsa gululi m'chaka cha 1907. Koma ndi owerengeka amene amalitchula monga mwini wake ankalitchulira. Ine ndemwe ndinatha zaka zingapo ndikuuza ana kuti "Badeni Pawelo", ndipo panalibe wondiwongolera, popeza tonse tinalimva chomwecho kwa otiphunzitsa.

Katchulidwe kake nkotere: "Baden" amayamba ndi "bei", kamvekedwe konga ka liwu la Chingerezi lakuti day. "Powell" amamveka pafupifupi ngati pole, mtengo wokwezerapo mbendera, osati ngati power ayi. Chosokoneza nchakuti kazembe wina, Colin Powell wa ku Amereka, amene anamwalira mu 1921 kuphatikiza zaka zana, ndiye kuti mu 2021, ankati "Pawelo" yemweyo. Zilembo nzimodzimodzi, koma mabanja awiriwa amatchula mosiyana. Ife tinazolowera Chichewa chimene chimawerengedwa monga chalembedwera. Maina a Angerezi satero, ndipo mphunzitsi ayenera kuyamba wafufuza asanaime pamaso pa ana.

Nanga tanthauzo lake? Powell si liwu la Chingerezi konse. Linachokera ku Wales, kumene kale munthu ankadziwika ndi dzina la atate ake. "Ap Hywel" ndiko kunena kuti mwana wa Hywel, ndipo Hywel ndi dzina lotanthauza munthu womveka. Inalipo mfumu yotchuka Hywel Dda m'zaka za m'ma 900. M'kupita kwa nthawi "a" anagwa, "p" nakakamira ku dzina. Umu ndi mmenenso anabadwira maina a Price, mwana wa Rhys, ndi Pritchard, mwana wa Richard.

Mbali ya "Baden" ndiyo yokoma kuimva. Mwanayu pobadwa ku London pa 22 February 1857 anali Robert Stephenson Smyth Powell basi. Baden linali dzina loyamba la atate ake, mbusa ndiponso mphunzitsi wamkulu wa masamu ku Oxford, amene anamwalira mu 1860 mwanayo ali ndi zaka zitatu. Mu 1869 amai ake, Henrietta Grace, analumikiza maina awiriwo ndi kamzere kuti ana onse akhale a Baden-Powell. Anatero pokumbukira mwamuna wao, ngakhale olemba mbiri ena amati anafunanso kuti banja limveke lapamwamba. Ine ndiona kuti zonse ziwiri nzotheka. Mai wamasiye wolera ana ambiri sasowa nzeru.

Dzinali linamveka dziko lonse pa nkhondo ya Mabunu, pamene anateteza mzinda wa Mafeking, umene lero ndi Mahikeng, kwa masiku 217 kuyambira mu October 1899 mpaka mu May 1900. Asikauti sanavutike nalo kutalika kwake: analidula nkukhala B-P, ndipo zilembo zomwezo ndizo zimayamba mawu a mbendera yao akuti Be Prepared, kutanthauza kuti khalani okonzeka. Mu 1929 analandira ulemu wokhala Lord Baden-Powell of Gilwell. Polemba, kamzere kaja musakasiye, chifukwa Baden Powell wopanda kamzere ndi atate aja a masamu, osati mwana amene manda ake ali ku Nyeri, m'dziko la Kenya, kumene anamwalira pa 8 January 1941.