Clint Eastwood ndi njovu ya ku Kariba

Mukachoka m'tauni ya Kafue n'kuwoloka mlatho, msewu umagawika pa Turnpike: wina ukulowera ku Livingstone, wina ukutsetsereka ku Chirundu ndi Siavonga. Tsidya la damu la kufupi ndi Siavongako, ku Kariba m'dziko la Zimbabwe, ndi kumene Clint Eastwood anafika mu 1989 kudzajambula filimu ya White Hunter Black Heart.

Mkuluyu anabadwira ku San Francisco pa 31 Meyi 1930. Anayamba kudziwika pa wailesi yakanema mu Rawhide kuyambira 1959, koma amene anamukweza ndi Sergio Leone, wojambulitsa mafilimu wa ku Italy. M'filimu ya Leone ya The Good, the Bad and the Ugly ya 1966 timamuona atavala chipewa chachikulu, ndudu ili pakamwa, mawu akuwerengeka, mfuti ndiyo ikumuyankhulira. Mu 1971 anadzakhala wapolisi wouma mtima mu Dirty Harry. Analawako ndi ndale zomwe: anali meya wa tauni ya Carmel kuyambira 1986 mpaka 1988.

Ku Kariba anachita zachilendo. Filimuyo anaitsogolera yekha, n'kusewera ngati John Wilson, mkulu wojambulitsa mafilimu amene wabwera ku Africa ndi gulu lake koma mtima uli pa kupha njovu ya minyanga ikuluikulu. Nkhaniyi inachokera m'buku la Peter Viertel, lofotokoza khalidwe la John Huston, wojambulitsa mafilimu, pa nthawi yojambula The African Queen mu 1951. M'filimu ya Eastwood, ntchito yaima, anthu akudikira, bwana ali m'tchire. Tsiku limene wakumana nayo njovuyo, chala chikukana kuwomba. Amene akufa ndi Kivu, mlenje wakuda womulondolera mapazi a nyama. Matama a bwana, maliro kumudzi kwa wina.

Anthu amene anazolowera Eastwood wosaphonya sanaikonde, ndipo sinabweze ndalama zimene inadya. Komatu maganizo omwewo, okayikira ulemerero wa munthu wamfuti, ndi amene anadzamupatsa mphoto ziwiri za Oscar ndi Unforgiven ya 1992. Anadzawinanso ndi Million Dollar Baby ya 2004, ndipo mu 2009 anatulutsa Invictus, yojambulidwa ku South Africa, Morgan Freeman ali Nelson Mandela.

Kwa ine, pa mafilimu ake onse, ya ku Kariba ndiyo inafuna kulimba mtima kwambiri. Mukaipeza, ionereni.