Nkhope ya wogulitsa nayo imagulitsa malonda

Masiku ano malonda ambiri akuyambira pafoni. Wogula amaona katundu pa WhatsApp kapena Facebook, n'kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba katunduyo asanamugwire. Popeza akuba a pafoni achuluka, munthu amafuna aone kaye nkhope ya amene akumutumizira ndalama. N'chifukwa chake chithunzi cha wogulitsa ali pamalo pake chasanduka chikwangwani cha bizinesi.

Vuto ndi lakuti ambiri akangoona kamera amauma gwa ngati msilikali pa perete: manja m'mbali, mapewa m'mwamba, nkhope yolusa. Mayi amene tsiku lonse amaseka ndi makasitomala amaoneka pachithunzi ngati wakwiya kapena akubisa kanthu. Komatu kuoneka womasuka si mphatso yobadwa nayo. Aliyense angathe kuphunzira.

Poyambira ndi manja. Munthu amauma chifukwa sadziwa koika manja, ndipo mankhwala ake ndi kuwapatsa ntchito imene anazolowera. Wogulitsa tomato ku Lizulu aziunjika mulu wake, wa kaunjika ku msika wa Tsoka atambasule malaya, telala agwire tepi yoyezera, wa usipa anyamule mbale yake. Manja akatanganidwa thupi lonse limamasuka, ndipo katundu amalowa yekha m'chithunzi.

Kenako kaimidwe. Kuyang'anizana ndi kamera chindunji n'koyenera pa chithunzi cha chiphaso. Pa chithunzi cha malonda thupi litembenuke pang'ono cham'mbali, munthu atsamire mwendo wakumbuyo, nkhope yokha ndiyo ibwerere kwa wojambula. Msana uwongoke, mapewa atsike. Chibwano chikakwera m'mwamba munthu amaoneka wamatama, choncho ndi bwino chitsike pang'ono.

Kumwetulira kochita kulamulidwa sikubisika, chifukwa milomo imatseguka koma maso saseka. Wojambulidwa apume kaye mozama, ayang'ane katundu wake, kenako adzutse maso ngati wafika kasitomala wakalekale. Wojambula akhale munthu wozolowerana naye, azimuchezetsa, azimufunsa za mitengo ya lero uku akujambula zithunzi khumi kapena kuposerapo. Pa zithunzi zimenezo sipalephera kupezeka chimodzi chimene munthuyo anaiwala zoti pali kamera.

Kuwala nako kuli ndi mbali yake. Dzuwa likakhala paliwombo limaika mithunzi m'maso ndipo munthu amangotsinzina. Nthawi yabwino ndi m'mawa, katundu asanafote ndi kutuwa ndi fumbi, kapena chakumadzulo. Ngati ndi masana, wogulitsa aime pamthunzi wa khonde kapena wa mtengo, nkhope italoza kumene kukuchokera kuwala. Dzuwa likakhala kumbuyo kwake nkhope imada bii. Pepala la pulasitiki labuluu lofolera pabenchi limasintha mtundu wa khungu ndi wa katundu yemwe, moti kasitomala angathe kudandaula kuti chitenje chimene walandira si chimene anaona.

Wogwira foni aime pa mtunda wa mamita ngati 2, foniyo ikhale molingana ndi maso a wojambulidwa. Kamera ya foni ikayandikira kwambiri imakulitsa mphuno ndi mphumi, ikakhala m'munsi imatupitsa khosi ndi chibwano. Galasi lake lipukutidwe kaye, poti foni ya pamsika imagwidwa ndi manja a mafuta ndi thukuta. Makatoni ong'ambika ndi zinyalala zichotsedwe kumbuyo, ndipo makasitomala asalowetsedwe m'chithunzi asanavomere.

Chofunika kusamala nacho kwambiri ndi mapulogalamu oyeretsa ndi kusalaza nkhope. Kasitomala akafika pamsika amafunafuna munthu amene anamuona pafoni. Akapeza nkhope yosiyana, amayamba kukayikira ndi katundu yemwe, ndipo ndalama imapita pa benchi lina.

Chithunzi choika pa status ya WhatsApp chimachoka pakatha maola 24, choncho wogulitsa ali ndi mwayi woyesanso tsiku lililonse katundu watsopano akafika. Amene wajambulitsa kangapo amazolowera, mpaka kamera amaiona ngati kasitomala wina amene waima pa benchi kufunsa mtengo.