Galimoto ya Dizilo Imadwala ndi Maulendo a Pafupi

M'mipingo yathu ya m'tauni, galimoto zing'onozing'ono zoyendera dizilo zayamba kuchuluka. Zambiri zinagwirapo kale ntchito ku Japan, ku Britain kapena ku South Africa zisanafike m'manja mwathu. Mukafunsa amene anagula Volkswagen Polo TDI, Ford Fiesta TDCi kapena Mazda Demio ya dizilo, yankho lake limakhala limodzi: simwa mafuta ambiri. Zimenezi ndi zoona, makamaka pa ulendo wautali.

Koma taonani ntchito imene galimoto zimenezi zimagwira pa mlungu. M'mawa kukasiya ana kusukulu, makilomita atatu. Kuchoka apo kuntchito, makilomita anayi. Madzulo kumsika, pa Sabata kutchalitchi. Injini imazimitsidwa isanatenthe n'komwe. Pakatha miyezi ingapo, nyali yachikasu imayaka pa dashibodi, galimoto imayamba kulemera pokwera chitunda, ndipo ndalama zonse zimene banja linapulumutsa pa mafuta zimakathera kugalaja.

Ife a nthambi ya zaumoyo mumpingo tili ndi chifukwa chokambira nkhaniyi. Chimene chimatuluka ku ekizosi ya galimoto yosasamalidwa chimakathera m'mapapo a ana athu. Ndipo ndalama yokonzetsera imachoka m'thumba lomwelo momwe mumachoka fizi, chakudya ndi mankhwala.

Chifukwa chake injini ya dizilo imafuna kutentha

Injini ya petulo imayatsa mafuta ndi mapulagi othetheka moto. Ya dizilo ilibe mapulagi otero. Iyo imapanikiza mpweya mwamphamvu mpaka utatentha kwambiri, kenako dizilo akapoperedwamo amayaka yekha. Choncho moyo wake wonse wagona pa kutentha. Imagwira bwino ntchito madzi a mu radiyeta akafika pafupifupi madigiri 90, ndipo oyilo amatenga nthawi yotalikirapo kuposa madzi kuti afike pamenepo. Chodabwitsa n'chakuti khalidwe lomwe timaikondera, losawononga mafuta, ndi lomwenso limaichedwetsa kutentha, poti siitaya mphamvu zambiri ngati ya petulo. M'mawa wa Juni kapena Julaye, chiperoni chitakuta, ulendo wa mphindi zisanu suifikitsa paliponse.

Lita imodzi ya dizilo ikayaka imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzi, ngati nthunzi. Injini ikakhala yotentha, nthunziyo imatuluka ndi utsi. Ikakhala yozizira, ina imasanduka madzi m'kati mwa injini n'kusakanikirana ndi oyilo. Dizilo wosapsa bwino amasiyanso mwaye, wofanana ndi umene umamata kudenga la khitchini yophikira nkhuni. Madzi, mwaye ndi dizilo zikalowa mu oyilo, oyiloyo saterereranso bwino, ndipo zitsulo zimayamba kudyana mwakachetechete.

Sefa yogwira mwaye

Galimoto zambiri za dizilo zopangidwa kuyambira cha m'ma 2009, pamene ku Ulaya kunayamba malamulo a utsi otchedwa Euro 5, zili ndi sefa mu paipi ya ekizosi imene amakaniko amaitcha DPF. Ntchito yake ndi kugwira mwaye kuti usatuluke kunja, ndipo ikakhala bwino imagwira woposa magawo 90 pa 100 alionse.

Sefa iliyonse imadzaza. Iyi imadziyeretsa yokha potentha mwayewo. Pakatha makilomita mazana angapo, kompyuta ya galimoto imapopera dizilo woonjezera kuti ekizosi itenthe kufika pafupifupi madigiri 600, mwaye n'kupsa. Ntchitoyi imafuna mphindi 10 mpaka 20 galimoto ikuyenda mosaimaima. Mukhoza kuizindikira: injini imalira mokwererapo mukaima, fani imazungulira mwamphamvu, ndipo kumamveka kafungo ka chinthu chotentha.

Apa ndi pamene maulendo a pafupi amapweteka. Kuyeretsa kukangoyamba, mwafika kale pageti la sukulu, mwazimitsa. Mawa kompyuta iyesanso, muzimitsanso. Mwaye umanka nuunjikana, ndipo dizilo woonjezera uja, amene sanapse, amatsikira mu oyilo. N'chifukwa chake pa galimoto zotere oyilo akhoza kukwera pa ndodo yoyezera m'malo motsika. Mwini wake amasangalala kuti injini siidya oyilo, osadziwa kuti oyiloyo wasungunuka ndi mafuta. Ndodo zina zili ndi chizindikiro cha X pamwamba pa mzere wodzaza. Oyilo akafika pamenepo ayenera kusinthidwa msanga.

Palinso kachitseko kotchedwa EGR, kamene kamabwezera utsi wina mu injini pofuna kuchepetsa mpweya woipa. Nako kamamatidwa ndi mwaye galimoto ikamangoyenda pang'onopang'ono ili yozizira. Batire nalo limavutika. Kuliza injini ya dizilo kumadya magetsi ambiri, ndipo ulendo wa makilomita awiri subweza zonse zimene zatuluka.

Mankhwala oyamba: ulendo wautali

Kamodzi pa mlungu, kapena pa milungu iwiri, galimoto ya dizilo iyende mphindi 30 kapena kuposerapo pamsewu wotakasuka, pa liwiro losachepera makilomita 60 pa ola, malinga ngati malamulo a pamsewupo akulola. Musaithamangitsire ku giya yomaliza. Singano ya injini ikhale pakati pa 2,000 ndi 2,500. Amene ali ku Blantyre, msewu wa ku Zomba ndi wokwanira. Amene ali ku Lilongwe, wa ku Dedza kapena wa ku Mchinji. Sitikunena zongowotcha mafuta popanda cholinga. Pa Sande, tsiku loyamba la mlungu, ulendo womwewo ukhoza kukhala wokaona makolo, wokazonda wodwala, kapena wokagula chimanga ndi nyemba kumene zili zotsikirapo mtengo.

Nyali ya DPF ikayaka, musadikire kuti mwezi uthe. Chitani ulendo woterewu tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, muli ndi mafuta osachepera kota ya thanki, chifukwa galimoto zambiri siziyamba kudziyeretsa mafuta akatsala pang'ono. Nyaliyo ikapanda kuzima, ikamaphethira, kapena ikayaka pamodzi ndi ya injini, pitani kwa makaniko amene ali ndi makina olumikiza ku kompyuta ya galimoto.

Chenjezo lina ndi la nthawi ya msonkhano wa misasa, pamene timaimika galimoto pabwalo la udzu wouma. Ekizosi yofika madigiri 600 ikhoza kuyatsa udzu. Sankhani pamalo polambulidwa.

Oyilo aziwerengedwa ndi miyezi

Mwini galimoto wina amati, "Sindinayende makilomita ambiri, sevisi idikire kaye." Ku galimoto ya maulendo a pafupi, maganizo amenewa ndi otaya chuma. Mabuku ambiri a galimoto ali ndi ndondomeko ziwiri za sevisi: ya kayendedwe wamba, ndi ya kayendedwe kovuta. Maulendo a pafupi, mizere ya galimoto m'tauni ndi misewu ya fumbi zonse zili m'gulu lachiwiri, ndipo kawirikawiri nthawi yosinthira oyilo imadulidwa pakati. Ngati mulibe bukulo, kusintha oyilo ndi sefa yake pa miyezi 6 iliyonse, kapena pa makilomita 5,000, chimene chayamba kukwana, ndi njira yotetezeka.

Mtundu wa oyilo nawo ndi wofunika. Galimoto yokhala ndi DPF imafuna oyilo wosasiya phulusa lambiri, chifukwa mwaye umapsa koma phulusa silipsa, limangokhala m'sefamo mpaka kuitseka. Pa chigubu cha oyilo woyenera pamalembedwa ACEA ndi chilembo C chotsatana ndi nambala, monga C2 kapena C3. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimafuna wolembedwa JASO DL-1. Oyilo wa malole ndi mathirakitala, ngakhale walembedwa kuti ndi wa dizilo, sangalowe m'malo mwake. Safunsa anadya phula: pemphani makaniko akuonetseni chigubu asanathire.

Mafuta, mpweya ndi zina zazing'ono

Injini za dizilo za makono zimapopera mafuta kudzera m'timabowo tating'ono kwambiri, pa mphamvu yaikulu zedi. Kadontho ka madzi, kachitsotso kapena palafini wosakanizidwa ndi dizilo zikhoza kuwononga pampu ndi majekiseni ake, zipangizo zimene mtengo wake umaliza munthu. Mafuta akasowa, chiyeso chogula a m'zigubu chimakula. Yesetsani kumwetsa pa malo odziwika, ndipo kumene kuli kusankha, monga ku South Africa, tengani dizilo wa salufa wochepa, wolembedwa 50 ppm kapena 10 ppm. Sefa ya dizilo isinthidwe pa nthawi yake, ndipo ngati ili ndi potulutsira madzi, makaniko aziikhetsa pa sevisi iliyonse.

Sefa ya mpweya imatsekeka msanga ndi fumbi la Seputembala ndi Okutobala. Ikatsekeka, injini imabanika, mwaye n'kuchuluka. Lamba wa taiming'i, pa galimoto zimene zili naye, amakalamba ndi zaka ngakhale makilomita atakhala ochepa. Akaduka injini ikuyenda, kuwonongeka kwake kumakhala kwakukulu. Fufuzani kuti anasinthidwa liti.

Chizolowezi choliza galimoto m'mawa n'kuisiya ikulira pakhomo kwa mphindi 15 kuti itenthe sichithandiza. Injini ya dizilo yongolira pamalo amodzi imatentha mochedwa kwambiri, ndipo nthawi yonseyo ikupanga mwaye. Dikirani nyali ya mapulagi otenthetsera izime, lizani, dikirani theka la mphindi, nyamukani mofatsa. Mukafika kuchokera ulendo wautali, ilekeni ilire mphindi imodzi musanazimitse kuti turbo izizire.

Lachisanu, pokonzekera Sabata, onjezani mphindi zisanu pa ntchito za tsikulo. Galimoto ili pamalo osapendekeka, injini itazizira, onani oyilo, madzi, ndi mpweya wa m'matayala. Lembani m'kabuku tsiku la sevisi iliyonse.

Musaichotse sefayo

DPF ikatsekeka, pamapezeka wina wokuuzani kuti, "Bwana, tingoiboola, tifufute mu kompyuta, vuto latha." Mtengo wake umakhala wotsika poyerekeza ndi kuiyeretsa kapena kugula ina, choncho ambiri amavomera. Tiyeni tione chimene tikuvomera.

Mu Juni 2012, bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa imene ili ku Lyon m'dziko la France, linaika utsi wa dizilo m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu, makamaka khansa ya m'mapapo. Gulu limenelo ndi momwe mulinso fodya. Tinthu ta mwaye wa dizilo ndi tating'ono kwambiri moti mphuno siingatigwire. Timalowa mpaka pansi pa mapapo, tina n'kufika m'magazi. Timadzutsa mphumu ndi chifuwa, ndiponso timaonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko. Ana ndiwo amavutika koposa, chifukwa ndi aafupi, mphuno zawo zili pafupi ndi ekizosi, amapuma mofulumira kuposa akuluakulu, ndipo mapapo awo akukulabe.

Ife Aadiventisiti timadziwika kuti sitisuta. M'buku la The Ministry of Healing la 1905, Ellen G. White anaika mpweya wabwino pakati pa mankhwala enieni achilengedwe. Sizikugwirizana kuti munthu amene amakana ndudu aziboola sefa n'kumasutitsa msewu wonse. Abale amene ali ku Britain akudziwanso kuti kuyambira mu Febuluwale 2014, galimoto yochotsedwa DPF imalephera mayeso a MOT. Ngakhale kumene palibe wofunsa, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene akuyenda wapansi kumbuyo kwa galimoto yanu, amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, mnyamata wa kabaza, onsewo amapuma chimene inu mwataya.

Pa chifukwa chomwecho, zimitsani injini podikira ana pasukulu, komanso pabwalo la tchalitchi pamene makalasi a ana a Sukulu ya Sabata akuphunzira panja. Poimika galimoto, ekizosi isaloze kuwindo kapena kukhonde kumene kwakhala anthu. Ndipo musalize injini m'galaja lotseka, ngakhale kwa kanthawi kochepa.

Ulendo wa pafupi ndi wa miyendo

Tikamayeza BP ndi shuga pa masiku a zaumoyo, timapeza abale ndi alongo ambiri amene ntchito yawo ndi yokhala pansi, ndipo kuchoka pampando wa mu ofesi amakakhala pampando wa galimoto. World Health Organization imalangiza munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi, monga kuyenda mwandawala, kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Ndi mphindi 30 zokha kwa masiku asanu. Kilomita imodzi munthu amaiyenda pafupifupi mphindi 12 mpaka 15. Ndiye kuti kupita ndi kubwera ku golosale ya pa kilomita imodzi kwakwanitsa kale gawo la tsiku limenelo.

Ulendo umene ukudwalitsa galimoto ndi womwewo umene thupi lathu likuusowa. Kumene njira ili yotetezeka ndipo thupi likulola, kagulireni buledi wapansi, perekezani ana wapansi, ndipo ngati tchalitchi chili pafupi, banja liyendere pamodzi pa Sabata m'mawa. Galimoto isungireni okalamba, odwala, katundu wolemera, mvula ndi usiku. Zofuna galimoto ziphatikizeni pa ulendo umodzi, kuti injini ikatentha igwire ntchito zonse ili yotentha.

Kwa amene mukuganiza zogula galimoto, yambani mwawerenga makilomita amene mumayenda pa tsiku. Ngati maulendo anu ambiri sakwana makilomita 10, ndipo kumsewu waukulu mumatulukirako kamodzikamodzi, ya petulo ya injini yaing'ono idzakuvutitsani pang'ono kuposa ya dizilo. Walira mvula walira matope: dizilo amapulumutsa ndalama kwa amene amayenda mitunda italiitali.

Kwa amene muli nayo kale, palibe chifukwa chotayira mtima. Galimoto, ndalama ndi thupi, zonse tinangosungitsidwa, ndipo ukapitawo sumathera pa envelopu ya chakhumi. Mlungu uno yang'anani ndodo ya oyilo, fufuzani tsiku la sevisi yomaliza, ndipo konzani ulendo umodzi wautali. Maulendo ena onse a pafupi, valani nsapato.