Kuthamanga Sikufika: Njinga Zamoto m'Misewu ya Petauke ndi Nyimba

Mwezi wa Novembala ukafika, maso a anthu a ku Petauke ndi ku Nyimba amakhala kumwamba. Mlimi amayang'ana mitambo ndi chimwemwe, pakuti munda anasosa kale ndipo mbewu ili m'nyumba. Koma alipo wina amene amayang'ana mitambo yomweyo ndi mitima iwiri. Ameneyu ndi woyendetsa njinga yamoto, imene makolo athu ankaitcha mthuthuthu, ndipo ife lero timangoti honda ngakhale inapangidwa ndi kampani ina. Naye ali ndi munda, ndipo mvula akuifuna ndithu. Komabe akudziwa zimene akuluakulu ananena, kuti walira mvula walira matope, ndipo matopewo ndiye adzayamba kukumana nawo ndi iyeyo.

Masiku ano palibe banja kwathu kuno limene silinakwerepo honda. Imatifikitsa ku chipatala, ku msika ndi ku maliro. Imanyamula thumba la feteleza, mwana wa sukulu ndi katundu wake, mlangizi wa zaulimi, namwino wokapereka katemera, ngakhalenso wansembe ndi katekisiti popita ku matchalitchi a kutali. N'chifukwa chake taona kuti n'koyenera tikambirane za m'mene nyengo ndi misewu yathu zimasinthira kayendetsedwe ka njinga zimenezi, ndiponso za mbali imene ife okwera tili nayo pa moyo wa amene amatinyamula.

Tala ndi mmodzi, njira za dothi ndi zambiri

Msewu waukulu wa Great East, wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata ndi ku malire a Mwami, ndiwo msana wa maboma awiriwa. Ukawoloka ulalo wa Luangwa, umene unamangidwa m'chaka cha 1968, umakwera mokhotakhota m'mapiri a Kacholola, n'kufika pa Nyimba pamene amayi amagulitsa nthochi, kenaka n'kuyenda makilomita pafupifupi 70 kukafika pa mphambano yolowera ku boma la Petauke. Chigawo chochokera pa ulalowo mpaka ku Mwami, cha makilomita pafupifupi 360, chinakonzedwanso pa ntchito imene inayamba m'chaka cha 2013 ndi thandizo la European Union, African Development Bank ndi mabungwe ena.

Koma anthu ambiri sakhala m'mbali mwa tala. Amakhala kwa Kalindawalo, kwa Nyamphande, kwa Mumbi ndi kwa Mwanjawanthu chakumalire a Mozambique. Amakhala kwa Ndake, ndiponso kwa Luembe, kwa Nyalugwe ndi kwa Mwape chakuchigwa cha Luangwa. Ena ali kwa Sandwe ndi ku Ukwimi, dera limene linapatulidwa ku Petauke m'chaka cha 2018 n'kukhala boma la Lusangazi. Kufika ku malo onsewa munthu amasiya tala n'kulowa m'njira za dothi, za miyala ndi za mchenga, zodutsa m'madambo ndi m'timitsinje topanda ulalo. Minibasi siikonda njira zotere, ndipo kumeneko ndiko honda inapezera malo.

Dzinja: woyendetsa amaphunzira kudekha

Ngozi yoyamba ya dzinja siili m'matope ayi, ili pa tala. Miyezi yonse ya chilimwe fumbi ndi mafuta odontha m'magalimoto zimaunjikana pa msewu. Mvula yoyamba ikagwa, zonsezi zimasungunuka n'kukhala ngati thelele, kotero kuti tayala limene dzulo linali kugwira bwino lero lingoterereka. Oyendetsa ozolowera amachepetsa liwiro pa masiku oyambawo, makamaka pa makona a Kacholola, ndipo akaona lole ikubwera amapatukira kumbali, pakuti mphepo yake imakankha njinga ndipo madzi amene imawaza amatseka maso.

Akalowa m'njira za kumudzi, nkhani imakhala ina. Dothi lamakande likanyowa limamatirira ku tayala, n'kudzaza mpata wa pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu kuleka kuzungulira. Ichi ndicho chifukwa mudzaona woyendetsa atanyamula kamtengo kosongoka, akuima pafupipafupi kuchotsa matope. Dothi lofiira la katondo silimatirira chotere, koma limaterera ngati sopo, makamaka pa chitunda. Pamenepo amene wagwira buleki wa kutsogolo mwadzidzidzi wagwa basi, chifukwa tayala la kutsogolo likangoima njinga imapita cham'mbali. Wanzeru amayenda ndi giya yaing'ono, kuponda buleki wa kumbuyo pang'onopang'ono, miyendo ili yokonzeka kutsika pansi. Ena amachotsako mpweya pang'ono m'matayala kuti agwire bwino dothi, ngakhale akudziwa kuti akakumana ndi mwala ali ndi katundu wolemera chubu chikhoza kuphulika.

Nayo nthawi yonyamukira imasintha. Popeza mvula yamabingu imakonda kugwa dzuwa litapendeka, ambiri amalawirira m'mamawa kuti abwerere kusanade. Ulendo wa ola limodzi m'chilimwe umatha maola awiri kapena atatu. Petulo amapita wambiri, tcheni chimadyeka msanga ndi matope, ndipo mtengo wokwerera umakwera. Ife okwera timadandaula kuti anyamatawa atidyera masuku pamutu, osaganiza kuti pa tsiku limene akadayenda maulendo asanu ayenda awiri okha.

M'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi udzu umatalika n'kuweramira m'njira. Woyendetsa saonanso zimene zili kutsogolo kwa kona, kaya ndi ngolo ya ng'ombe, kaya ndi mwana, kaya ndi honda inzake. Njira imene anaidziwa bwino dzulo, usiku umodzi wa mvula umaisandutsa chigwembe. Dzenje lodzala madzi silionetsa kuya kwake. Choncho woyendetsa wabwino amaliza hutala pa kona iliyonse, amatsata mkukuluzi wa amene anadutsa patsogolo pake, ndipo akakumana ndi mnzake amaima n'kufunsa za kumene akuchokera. Safunsa anadya phula.

Pa mtsinje

Malo amene nzeru za munthu zimayesedwa kwambiri ndi pa mtsinje. Timitsinje tambiri ta kuno, totsikira ku Luangwa kudzera m'mitsinje monga Msanzala, Lusangazi ndi Nyimba, timakhala mchenga wokhawokha miyezi yambiri. Koma madzi saiwala khwawa. Mvula ikagwa kumtunda, ngakhale pamene inu muli pali dzuwa, madzi amabwera mwadzidzidzi ndi zitsa ndi zinyalala, ndipo kawirikawiri amaphweranso patapita maola ochepa.

Oyendetsa amene akhalitsa pa ntchitoyi ali ndi mwambo wawo. Amatsitsa wokwera ndi katundu. Mmodzi amayamba walowa ndi ndodo kuyesa kuya kwa madzi ndi kulimba kwa pansi. Madzi akapitirira m'mawondo, kapena akamathamanga kwambiri, njinga siilowa ikulira, chifukwa madzi akangolowa popumira injini, injiniyo imazima pakati pa mtsinje ndipo ikhoza kuonongekeratu. Pa madooko ena anyamata a m'mudzi amapisa mitengo n'kuinyamula njingayo pamapewa, n'kulandira kangachepe. Akawoloka, woyendetsa amayamba wayenda pang'onopang'ono akupondaponda buleki kuti aume, pakuti buleki wonyowa sagwira.

Koposa zonsezi, pali luso limene silifuna spanala kapena mphamvu, ndilo kukhala pansi pa mtengo n'kudikira kuti madzi aphwe. Luso limeneli ndi lovuta chifukwa pambali pa woyendetsa pamakhala munthu amene walipira, amene akuchedwa, ndipo akum'kakamiza.

Malimwe ali ndi misampha yake

Tisaganize kuti mvula ikatha mavuto atha. M'mwezi wa Meyi matope aja amauma n'kusiya mikwasa yolimba ya mawilo a ngolo ndi mathirakitala, imene imagwira tayala n'kuliwongolera kumene woyendetsa sakufuna. Iyi ndiyonso nyengo yokolola, pamene njinga imasenzetsedwa matumba a chimanga, nsawawa, mpendadzuwa ndi thonje. Katundu akachuluka kumbuyo, tayala la kutsogolo limapepuka ndipo chiwongolero sichimveranso.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira m'mamawa, zala zimauma, ndipo dzanja lozizidwa limachedwa kugwira buleki. Kuyambira Ogasiti mphepo imautsa fumbi, ndipo utsi wa moto wa m'tchire umaphimba njira. Galimoto ikadutsa, woyendetsa honda amatsala mu mtambo wa fumbi osaona kanthu, ndipo wochenjera amaima mpaka fumbilo litatsika. Fumbi lomwelo limatseka sefa ya mpweya, njinga n'kuyamba kufooka ndi kumwa petulo wambiri. M'madambo ouma ndi m'makwawa muli mchenga, umene umagwetsa munthu mofanana ndi matope. Mu mchenga safuna liwiro, safunanso kuima mwadzidzidzi. Amafuna dzanja lokhazikika ndi maso oyang'ana patali.

Ndiye pofika Okutobala, mwezi wa mwambo wa Tuwimba kwa Kalindawalo, kutentha kumafika pachimake, makamaka ku chigwa. Apa ndipo helemeti imachoka kumutu n'kukapachikidwa pa chiwongolero, kudikira malo amene pali apolisi. Msewu ukakhala wouma, anyamata amafunanso kubweza ndalama zimene anataya m'dzinja, ndipo liwiro limakwera. Dzinja limagwetsa munthu kawirikawiri koma ali pang'onopang'ono, pamene kugwa kwa m'malimwe kumam'peza ali pa liwiro, mutu uli pamtunda.

Mbali yathu ife okwera

Lamulo la dziko lathu la za pamsewu la m'chaka cha 2002, limene linakhazikitsa bungwe la RTSA, limafuna kuti woyendetsa njinga yamoto akhale ndi laisensi, njinga ikhale yolembetsedwa, ndipo helemeti ivalidwe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la m'chaka cha 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse. Koma kwa Luembe kapena kwa Mwanjawanthu wapolisi saoneka tsiku lililonse. Kumeneko lamulo limasungidwa kapena kuswedwa ndi anthu awiri okha, woyendetsa ndi wokwera.

Tiyeni tidzifunse moona mtima. Ndani amene amati tikwere atatu kuti tigawane mtengo? Ndani amakana helemeti poopa kuononga tsitsi kapena duku? Ndani amaika mwana wakhanda pakati, wina pa thanki? Ndani amanyoza woyendetsa kuti ndi wamantha akakana kuwoloka madzi, n'kumuopseza kuti mawa adzakwera ya wina? Mnyamata amene njingayo si yake, amene madzulo ayenera kupereka ndalama kwa mwini wake, kapena amene akubweza ngongole, sakhala ndi mphamvu zokana. Akalowa m'madzi chifukwa cha mawu athu, ndiye kuti tam'lowetsa ndife. Ndipo akathyoka mwendo m'mwezi wa Januwale, si iye yekha wavulala: munda wake sulimidwa, ndipo ana ake adzaona njala chaka chimenecho.

Maulendo ambiri oopsa amayamba ndi kuchedwa kwa pakhomo. Mayi woyembekezera amene akudziwa kuti masiku ake adzakwana m'dzinja, ndipo pakati pa mudzi wake ndi chipatala cha Minga, cha Nyimba kapena cha Petauke pali mtsinje, ndi bwino banja lim'perekeze nthawi ikadalipo kuti akadikirire pafupi ndi chipatala, kusiyana ndi kum'kweza pa honda pakati pa usiku mvula ili kugwa. Feteleza ndi mbewu zigulidwe njira zisanaonongeke. Wodwala amene amalandira mankhwala mwezi ndi mwezi asadikire kuti m'botolo mutsale mbulu umodzi. Nawo akuluakulu a mpingo, wansembe kapena katekisiti akalephera kufika chifukwa mtsinje wadzala, asam'dandaule. Mulungu sanatume munthu kukayesa madzi.

Nanga misewu?

Sitikunena kuti kudekha kwa woyendetsa kulowe m'malo mwa msewu wabwino. M'chaka cha 2022 ndalama za chitukuko za CDF zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo anthu ali ndi mwayi wopereka maganizo awo kudzera m'makomiti a chitukuko a m'mawadi. Pa misonkhano imeneyi tizitchula malo enieni amene amatitsekera njira chaka ndi chaka, pakuti nthawi zina kaulalo kamodzi kapena mapaipi odutsitsa madzi pansi pa msewu amatsegula dera lonse. Oyendetsa honda aitanidwe pa misonkhanoyi, chifukwa palibe amene amadziwa dzenje lililonse kuposa iwo. Ndipo zilipo zimene mudzi ungachite wokha mvula isanayambe: kutsegula ngalande za m'mbali mwa njira, kutchetcha udzu pa makona, kuthira miyala pa dooko, ndi kuleka kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa msewu.

Kwa inu anyamata athu oyendetsa, mawu athu ndi ochepa. Onani matayala, mabuleki, nyali ndi tcheni musananyamuke. Mangani lamba wa helemeti ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo sungani ina ya wokwera. Mowa ndi chiwongolero siziyendera limodzi. Mukafika pa mtsinje mtima n'kukayika, zimitsani injini. Ndipo ife amene takhala kumbuyo kwanu, tikaona mwazimitsa, titsike mwaulemu, tikhale nanu pansi pa mtengo, tidikire limodzi kuti madzi aphwe.